Nsengwa ya Lusiya, Khungu la Esinta

1994, ku Mauwa

Ana anga, mwandiumiriza kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga sindilemba, munazimva kale mpaka kutopa nazo. Ndiyambira pa yunifolomu yoyera, imene ndinaivala mochedwa, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, inu anayi mutabadwa kale. Zaka zonse za m'mbuyomo ndinkakolopa m'mawodi a chipatala cha mishoni ndi kutaya mabeseni. Asisitere ena atandipeza kangapo ndikuwerenga makadi a odwala mozemba, m'malo mondikalipira ananditumiza kusukulu ya unamwino ndi uzamba.

Malo anga oyamba anali chipatala chaching'ono kumbali ya ku Mauwa. Tinalipo awiri basi, ine ndi bambo wina wachikulire wopereka mankhwala. Ndinapita kumeneko ndikudziona mzamba, koma chimene chinandiphunzitsa ntchito ndi moto. Juni akafika, mphepo ya Chiperoni ikayamba kutsika m'mapiri, anthu ankagona pafupi ndi moto, ndipo m'mawa uliwonse pakhonde pankakhala munthu wakupsa. Ankabwera atapaka kale zimene akudziwa: dzira laliwisi, mchere, mankhwala otsukira mano, ena mpaka oyilo wa galimoto. Ife tinali ndi jivi yekha, mankhwala ofiirira aja, ndi mabandeji amene ndinkawachapa, kuwawiritsa, kuwayanika pa waya n'kuwagwiritsanso. Bala likauma ndinkalemba m'buku kuti wachira. Tsiku lina kunabwera kusikelo mayi amene ndinamulemba choncho miyezi isanu m'mbuyomo. Chibwano chake chinali chitamatirira pachifuwa chifukwa chipsera chinakoka khungu, moti poyamwitsa sankatha kucheuka kuti aone mwana wina amene ankalira kumbuyo kwake. Anandilonjera mwaulemu, akuthokozanso. Ndinachita manyazi tsiku lonse.

1997, kubwerera kumishoni

Patatha zaka zitatu anandiitananso kuchipatala cha mishoni kuja, m'mawodi omwewo amene ndinkakolopa. Anandiika ku leba, koma poti manesi tinali ochepa, masana ambiri ndinkathandiza kutsuka mabala ku wodi ya amayi. Kumeneko ndiko ndinagwira ntchito ndi a Namakhwa, kiliniko ofesala wathu, munthu wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata yovuta. Kunyumba kwawo ankamezanitsa mitengo ya mango, ndipo ntchito yosenda khungu pantchafu ya wodwala n'kukaliika pabala ankaitchulanso kuti kumezanitsa. Mpeni wake weniweni wa ntchitoyo unalipo, koma timasamba take tinatha kalekale, choncho ankagwiritsa ntchito malezala ometera ndevu owiritsa. Dzanja lawo silinkanjenjemera. Ankasenda kakhungu kopyapyala koti ukakakweza m'mwamba umaona kuwala kwa windo.

Chaka chomwecho kunabwera dokotala wamkazi wochokera ku Ulaya, a Dokotala Marita, amene asanabwere kuno ankagwira ntchito yofufuza za khungu. Chinyanja anachiphunzira msanga, ngakhale mpaka tsiku lochoka ankati "mwadzuka bwanji" ndi madzulo omwe. Tsiku lina tikumwa tiyi kuseri kwa fiyeta, chipinda cha opaleshoni, anatiuza kuti kwawo amatha kudula kakhungu kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukalera m'mbale zagalasi mpaka patatha masabata angapo kamakula kokwana kuphimba msana wonse wa munthu.

A Namakhwa anaika kapu pansi. "Ndiye kuti nazale, Adokotala? Ngati ya fodya?"

"Eya, nazale. Koma imafuna magetsi osazima ngakhale ola limodzi."

Tonse tinaphulika ndi kuseka, chifukwa tsiku lomwelo jenereta inali itafa ndipo zida tinawiritsa pa nkhuni. A Dokotala anaseka nawo, kenako anati pali chinthu china chimene ife tinali nacho chambiri kuposa kwawo, ndipo tinkachitaya m'dzenje tsiku lililonse. Ankanena kathumba kopyapyala kamene mwana amakhalamo m'mimba, kamene kamatuluka pamodzi ndi nsengwa. Anati ukakasenda bwino, n'kukatsuka ndi madzi a mchere a m'diripi, n'kukayala pabala la moto, kamatseka bala kuti lisataye madzi ndiponso lisalowe tizilombo, ndipo pansi pake mnofu umakonzeka kulandira khungu lomezanitsa. Ankafuna kuona ngati timakhungu ting'onoting'ono towokera apo ndi apo tingafalikire msanga pansi pa kathumbako. Ine anandipatsa ntchito yojambula kukula kwa mabala pa pulasitiki yoonekera, sabata ndi sabata, kuti tizidziwa ngati bala likuchepa.

Mavuto anali awiri. Mayi wopereka kathumbako anayenera kuyezedwa magazi kuti tione ngati alibe kachilombo, ndipo masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo kunalibe, moti kuyezetsa kunali ngati kukafunsa tsiku la maliro ako. Lachiwiri linali nsengwa yeniyeniyo. Kwathu kuno nsengwa saiseweretsa. Azimayi aakulu ankaima pakhomo la leba mpaka aione ikulowa m'dzenje yathunthu, poopa kuti wina akabako kachidutswa atha kumutseka mimba mwana wawo. Kwa zaka ziwiri ndinapempha amayi ambiri. Ena ankandiyang'ana ngati mfiti, ena ankangoti "ndikafunse kaye kunyumba" osabweranso. Palibe anavomera.

1999, Julayi ndi Ogasiti

Esinta anabwera naye pa machira kuchokera kumidzi ya ku Milepa. Anali ndi zaka ngati makumi awiri, wodwala khunyu kuyambira ali mwana. Matendawo anamugwetsa akukazinga chimanga, n'kugwera pamoto chafufumimba. Anthu analipo pabwalopo, koma anaopa kumukhudza poganiza kuti thovu la wakhunyu limapatsirana, mpaka amayi ake anathamanga kuchokera kudimba n'kumukoka. Anapsa khosi, chifuwa chonse ndi mkono wamanja. A Namakhwa atamuona anapukusa mutu. Magazi ake anali ochepa kwambiri moti kumusenda ntchafu nthawi imeneyo kunali kumuwonjezera bala lina loti silipola. Anayenera kulimba kaye, kudya mazira ndi likuni, koma bala lotseguka chonchija linkamuyamwa mphamvu kuposa zimene tinkamudyetsa. Potsuka mabala m'mawa, kukuwa kwake kunkamveka mpaka kukhitchini ya magadiyani. Amayi ake ankamugwira miyendo nkhope atatembenuzira kukhoma.

Sabata yachiwiri a Dokotala anandikokera pambali. "Anesi, mtsikanayu tikapanda kumufunditsa, mwezi uno samaliza."

Nthawi imeneyo Lusiya, mwana wanga woyamba, anali kunyumba kwanga ku malayini a manesi kudikira kuchira mimba yake yoyamba. Mwamuna wake Fulanki ankagwira ntchito yonyamula katundu ku Limbe, kubwera Loweruka lokha. Ndinakhala masiku atatu ndikulimbana mumtima ndi maganizo omupempha kathumba kake, osauza ngakhale bambo anu. Ndinkadziwa anyamata a ku Limbe amene tinkawalandira m'wodi ataonda ngati bango. Ndinkadziwanso kuti Lusiya akapezeka ndi kachilombo, ine ndilibe choti ndimupatse kupatula panado ndi pemphero.

Tsiku lachinayi nditaweruka ndinamupeza pakhonde akusenda nandolo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kumuthandiza, ndipo ndinamufotokozera zonse, za Esinta, za kathumba, za kuyezetsa. Anapitiriza kusenda mpaka lichero linatsala pang'ono kudzaza.

"Amayi, mukufuna nsengwa yanga, kapena mukufuna kudziwa ngati ndikufa?"

"Usalankhule choncho."

"Nanga ndilankhule bwanji? Akandipeza nako mundiuza chiyani? Mwanayu ndimuyamwitse kapena ayi? Fulanki ndikamuuze ndine?"

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikulemba kuti nonse mudziwe, poti Lusiya mwini wake wandilola. Amayi ena onse ndinkawapempha ndi mawu ofewa, n'kuwauza kuti ali ndi ufulu wokana. Mwana wanga sindinamupatse ufulu umenewo. Ndinati, "Ndiwe mwana wa nesi. Ukakana iwe, ndani avomere? Uyenera kupita mawa." Anadzuka movutikira ndi mimba yake ija, n'kulowa m'nyumba, nandolo kumusiya pomwepo.

M'mawa mwake anapita. Sanalole kuti ndilowe naye. Ndinaima pansi pa mtengo wa jakaranda pafupi ndi labu, ndikunamizira kuwerenga makadi. Zotsatira zinatuluka masana. Anatuluka m'kachipinda koyezera magazi n'kundidutsa ngati sakundidziwa, kenako anaima osacheuka.

"Ndilibe. Mwasangalala?"

Fulanki atamva Loweruka anakwiya kwambiri. Sanandilankhule pamaso, poti mkamwini sachita zimenezo, koma anauza bambo anu kuti apongozi ake amuyesa wachiwerewere. Achemwali anga aakulu, a Matilida, amene ndiwo anayenera kudikirira Lusiya pochira, anafika Lamlungu titatuluka ku Misa. "Iwe sukulu yakuzunguza mutu," anatero. "Thupi la mwana wako ukalipereke kwa wakhunyu? Mimba ikatsekeka udzabereka ndiwe?" Ndinawalonjeza kuti nditenga kathumba kokha, nsengwa yonse akaiponya okha m'dzenje ndi manja awo. Sanavomere, komanso sanabwerere kwawo.

Lusiya anachira patatha masiku asanu ndi anayi, cha m'ma teni koloko m'mawa. A Dokotala anamuyezanso magazi tsiku lomwelo kuti titsimikize. Anamuchiritsa ndi mzamba mnzanga, ine ndinaima pambali ndi beseni lowiritsa m'manja. Mwana atalira, wamkazi, Tereza wathuyu, ndinamuyang'ana kamodzi kokha, maso anga n'kubwerera ku beseni. Lusiya anaona zimenezo. Ndinasenda kathumbako ndi zala pang'onopang'ono kuti kasang'ambike. Kanali koterera, koonekera ngati pepala lonyowa. Ndinakatsuka kasanu, n'kukaika m'botolo la madzi a mchere osakaniza ndi mankhwala, n'kulisunga m'firiji ya palafini ya katemera. Zotsalazo ndinazipereka kwa a Matilida, amene anazilandira osandiyang'ana.

Tisanachite chilichonse, a Namakhwa anakhala pansi ndi Esinta ndi amayi ake n'kuwauza poyera chimene chinali m'botolomo, kumene chachokera, ndiponso kuti ngakhale tayeza kawiri, palibe munthu angalumbire kuti ngozi palibiretu. Amayi ake anafunsa funso limodzi: "Mwini wakeyo walola?" Ine ndinati eya.

Tinatsuka bala, Esinta akukuwa monga mwa masiku onse, kenako a Dokotala anayala kathumbako kuyambira pansi pa chibwano mpaka pachifuwa, akusalaza ndi chala kuti mpweya utuluke. Kanakwana pomwepo basi, mkono tinaumanga ndi uchi monga tinkachitira. Tisanamalize n'komwe kumanga, kukuwa kunaleka. Ndinachita mantha kuti wakomoka, ndinagwira dzanja lake kuti ndimve mtima.

"Anesi," anatero ndi mawu osasa, "mwandifunditsa chiyani? Mphepo yasiya kundiluma."

A Namakhwa anatembenuka n'kuyamba kusanja zida zimene zinali zosanja kale.

Nkhani siinachedwe kufika kukhitchini ya magadiyani kuti mwana wa nesi wapereka. Sabata yotsatira mayi wina wa ku Njuli anandiitana yekha pabedi pake n'kuti, "Ngati wanu anapereka, nanenso tengani." Kenako winanso. Ndi amenewo tinasintha chofunda cha Esinta kawiri, n'kuphimbanso mkono. Anayamba kudya, masaya anabwerera. Pa pulasitiki yanga mzere wa sabata iliyonse unkagwera mkati mwa wa sabata yatha, ndipo ndinkathamanga nayo kukaonetsa a Dokotala ngati mwana wakhoza mayeso. Patatha masabata atatu a Namakhwa analowa naye ku fiyeta ndi malezala awo. Pakhosi anaikapo khungu lathunthu kuti pasadzakokeke, pachifuwa anawokera timadontho ngati mbande, ndipo tinkationa tikukula mpaka kukumana. Kuti khosi lisapindike, tinalumikiza mapaipi akale a diripi n'kumupangira mkanda wokhuthala umene anauvala miyezi yambiri. Amayi a m'wodi ankamuseka kuti watchena, iyenso ankaseka. Zala ziwiri za kumanja sitinathe kuzipulumutsa. Anatuluka mvula yoyamba itagwa, akuyenda yekha, ndipo pageti anatembenuza khosi kutiyang'ana n'kukweza dzanja la zala zitatu lija.

2001 mpaka 2004

Ndikamakumbukira zaka za ntchito yanga, ziwiri zotsatirazo ndi zimene ndimazisowa kwambiri. Tinalibe kanthu, magolovesi tinkachapa, koma m'mawa ndinkadzuka ndikufunitsitsa kukatsegula mabandeji kuti ndione zimene zachitika pansi pake. Tinafunditsa anthu angapo ndithu, ana ndi akulu. Ena anapola bwino, ena ayi, ndipo mwana mmodzi anatisiya ngakhale tinachita zonse. Mu 2001 nthawi ya a Dokotala Marita inatha. Tinawaphikira nyemba za kalongonda ndi nkhuku, iwo analira, ndipo mabuku athu a mabala anapita nawo atatisiyira makope. Amene anabwera pambuyo pawo anati popanda njira yodalirika yoyezera ndi kusungira, ntchitoyo iime kaye. Sindinawatsutse, chifukwa zimene ankanena zinali zoona. Siinayambirenso. A Namakhwa anapitiriza kumezanitsa mpaka maso awo atayamba kuchita khungu, ndipo anapuma chaka chimodzi ine ndisanapume.

Kunyumba zinthu sizinapole msanga ngati mabala. Lusiya anabwerera ku Limbe ndi mwana, ndipo akabwera ankacheza ndi bambo ake, ine kungondipatsa moni. Chaka chinatha, chachiwiri, chachitatu, mimba ina osaoneka. A Matilida sankaphonya mpata. Pa maliro, pa ukwati, ngakhale pa chitsime, ankati, "Ena amapulumutsa ana a eni, awo akuuma." Ine monga mzamba ndinkadziwa kuti kathumba kaja sikangatseke mimba ya munthu, komabe ndinkawerenga miyezi mobisa, ndipo mwezi uliwonse Lusiya akabwera ndinkamuyang'ana m'chiuno. Mu 2003 anabereka mwana wamwamuna. A Matilida anati ndi chifukwa cha mankhwala amene anakamutengera kwa asing'anga a ku Phalombe, ndipo ine sindinalimbane nawo.

Esinta ankabwera kudzationa nthawi zina, atasenza tomato kapena mbatata. Anakwatiwa ndi mlimi mnzake wa m'mudzi momwemo, anabereka mwana mmodzi, ndipo ankasenza ndowa pamutu ndi khosi lomwe lija. Koma khunyu sitinalichiritse ife. Mu 2004 mapiritsi ake anasowa kwa miyezi ingapo m'zipatala za kufupi. Matendawo anamugwetsa akuchapa kumtsinje ali yekha, madzi ofika m'mawondo. Uthenga wa imfa yake unandipeza kudzera kwa bambo wa kabaza ataikidwa kale masiku anayi.

Lusiya anali kunyumba sabata imeneyo. Nditamuuza kuti ndikupita kukapepesa maliro, anati, "Ndipita nawo." Lusiya anali asanamuonepo Esinta ndi kamodzi komwe, chifukwa nthawi yonse ija anakana kulowa m'wodimo. Anabereka wakhandayo kumbuyo, Tereza kumugwira padzanja, tinakwera matola mpaka ku Milepa, n'kuyenda wapansi ola limodzi kudutsa m'minda ya nandolo.

Amayi ake a Esinta anatilandira pamphasa. Titalira, titapepesa, ndinawauza kuti uyu ndi mwana wanga Lusiya. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana Tereza, amene anali ndi zaka zisanu, akubisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake.

"Ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyu," anayankha Lusiya.

Mayiwo anakwawa ndi mawondo mpaka pamene panali mwanayo, n'kumukhazika pamiyendo pawo. Anaitana achibale amene anali kuseri kwa nyumba. "Bwerani mudzaone m'bale wake wa Esinta. Chofunda chimene anabadwa nacho uyu ndi chimene anafunda mwana wanga. Zaka zisanu zimenezi, ndi mdzukulu wanga uyo akusewera apoyo, tinapatsidwa ndi anthu awa." Kenako anagwira manja onse awiri a Lusiya n'kuwaika pachifuwa pawo. Lusiya analira kuposa mmene ndinamuonera akulira chibadwire. Pochoka anatipatsa nkhuku yoyera, akuti ndi ya Tereza, asaiphe.

Pobwerera tinayenda mtunda ndithu, Tereza ali patsogolo ndi nkhuku yake kukhwapa. Titayandikira msewu, Lusiya anati, "Amayi, tsiku lija pakhonde, mukanangoti 'ndithandize mwana wanga, ndikuopa,' ndikanalolabe. Koma munati ndiyenera."

Ndinaima panjirapo. Ndinamuuza kuti ndinkaopadi, kuti masiku atatu ndinalephera kudya, ndiponso kuti ndinalakwa. Ndinali ndisanapepesepo mwana wanga aliyense, ndipo mawuwo anatuluka movuta.

"Ndamva," anatero. Anandilanda chikwama chimene ndinanyamula n'kuchikoleka paphewa pake, ngakhale anali ndi mwana kumbuyo. "Tiyeni, matola atisiya."